Dimba Limene Isabella Anasesera Alendo

Mukafika pa boma la Rumphi n'kufunsa za Isabella, anthu amangokuyang'anani ngati mwatsikira pa siteji yolakwika. Koma tanenani kuti anyina Twambilile, ngakhale wa kabaza akulozerani: mayi wamfupi uja, wa zidendene zong'aluka, amene sayenda koma kuthamanga. Akazi a kuno amaitanidwa ndi mfunda wa kwawo, uyu NyaKalua, uyo NyaMsowoya. Isabella alibe mfunda woti n'kuikapo Nya. Chimene chinamupatsa dzina pakati pa anthu a kuno ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Twambilile.

Kwawo ndi ku Phalombe, ngati kumene munthu sadziwa njira yake kungatchedwe kwawo. Anachokako ali kamtsikana kongoyamba kusenza ndowa, chaka chimene anthu ankavota zoti zipani zichuluke, atapanikizana pa lole ndi mabanja ena opita kukagwira utenanti m'minda ya fodya ku Nkhamanga. Pa wailesi ankati ufulu wafika. Bambo ake a Isabella ufuluwo anauona pa malaya a zipani basi. Munda unali wa bwana, fodya wa bwana, chisakasa chogonamo cha bwana, ndipo chaka chikatha ankamanga mitolo n'kusamukira kwa bwana wina.

Chinthu chimodzi chokha sichinali cha bwana. Mayi ake ankayenda ndi kamfundo pa ngodya ya chitenje, m'menemo muli njere za bonongwe, luni, maungu ndi zina zimene ankazidziwa okha. Akafika pa esiteti yatsopano, asanayale n'komwe mphasa, ankakanda kuseri kwa chisakasa n'kumwaza njerezo chisawawa, n'kumazithirira ndi madzi otsukira mbale. "Fodya si ndiwo, mwanawe," ankatero. Makolo onse awiri anathera m'maesiteti momwemo, ndipo ngakhale manda anachita kupempha kwa eni mudzi.

Isabella anapumako pamene anakwatiwa ndi Hezron Chavula, kalipentala wa pa Bolero, munthu woseka ndi aliyense. A kwa Chavula analowola monga mwa mwambo. Ng'ombe zinapita kwa amalume ena amene anatulukira nthawi yomweyo n'kusowanso nthawi yomweyo. Kwa zaka zochepa Isabella analima munda umene palibe ankamuthamangitsamo. Kenaka chifuwa chinamutenga Hezron mwana asanayambe sukulu. Munda unabwerera kwa abale, ndipo akazi a pamudzipo anakumbukira mwadzidzidzi kuti mnzawoyo ndi mwana wa matenanti. Sanamuthamangitse ayi. Anangomusiya kuti aone yekha kuti pa mphasa palibe malo ake.

Atapempha kuti akayesere moyo pa boma, nkhani inafika kwa a Overton, akulu ake a malemuyo, mphunzitsi wopuma ntchito ndiponso mkulu wa mpingo. Musawaganizire zoipa a Overton. Si munthu wolanda za amasiye. Vuto lawo n'lakuti mawu akatuluka pakamwa pawo sabwerera.

"Mulamu," anatero, "mukudziwa kuti mwana uyu ngwa kwa Chavula. Ng'ombe zinapita. Koma ine sindilekanitsa mwana ndi nyina popanda chifukwa. Mutengeni. Kungoti tsiku limene ndidzamve kuti akugona ndi njala, kuno nkhokwe zili ndi chimanga, ndidzabwera ndi njinga. Tsiku limenelo tisadzakangane."

"Yewo, adada," anayankha Isabella atagwada, kuthokoza m'chinenero cha kuno. Mawu amenewo anawasenza kupita nawo pa boma, ndipo sanawatule tsiku ndi limodzi lomwe.

Pa boma anapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa msika, ndipo anapezanso akazi ena onga iye: amasiye, akazi a alonda, ena osiyidwa ndi amuna amene anapita ku Joni n'kuiwala nambala ya foni. Kumunsi kwa msikako, potsetserekera ku mtsinje, kunali malo a adada Luhanga, mkulu wina wa mapuloti angapo m'tauni. Malowo anali dzala la aliyense: majumbo, mabotolo osweka, nsapato zakutha, nthawi zina galu wakufa. NyaKalua, mayi wa mawu aakulu amene ankagulitsa tomato, ndiye anatsogolera anzake kukapempha kuti azilimapo. Adada Luhanga anaseka. "Ngati mukufuna kundisesera, sesani."

Anasesadi. Anatola magalasi ndi manja mpaka zala kuchekeka, anakumba, anatuta ndowe kumene amaphera ng'ombe ndi zowola za mumsika n'kuzikwirira m'dzenje kuti zisanduke manyowa. Aliyense anali ndi mabedi ake, koma makheni othirira anali a onse. Wina akadwala, anzake ankamuthirira mabedi osadikira kupemphedwa. Ankasinthananso kulondera mbuzi, pakuti mbuzi za pa Rumphi zilibe mwini mpaka utaigenda.

Mabedi a Isabella ankadziwika patali. Anzake ankabzala repu pa mzere, mpiru pa mzere. Iye ankabzalanso zomwezo zogulitsa, koma pakati pake ankamwaza za m'kamfundo ka mayi ake, ndipo chilichonse chomera chokha ankachisiya. Bonongwe ankafika m'chiuno, luni ali mbee ndi maluwa, chisoso apa, kholowa apo, maungu akuyanga pa mpanda mpaka kulowerera kwa aneba.

"Anyina Twambi," ankatero NyaKalua, "tsiku lina tidzakupezani nsato itakumezani m'nkhalango yanuyi."

Isabella ankangoseka. Repu ankapita kumsika kukabweretsa ufa, sopo ndi lendi, koma nkhalangoyo ndiyo inkalowa mumphika. Twambilile anakula ndi masaya, nalowa sukulu, ndipo a Overton akabwera kudzamuona ankabwerera kumbuyo kwa njinga kulibe munthu. Zaka zimenezo Isabella anayamba kuimba pothirira, chinthu chimene sanachitepo chimwalirire Hezron.

Koma tauni ikamakula sifunsa amene ali m'njira. Anthu anayamba kumanga ponseponse, njerwa zinayamba kusowa, ndipo ana a adada Luhanga anaona kuti malo a bambo awo ali ndi dothi labwino, madzi ali pafupi, zinyalala zitachotsedwa kale ndi manja a eni. Tsiku lina mkuluyo anatsika ndi ndodo yake n'kunena kuti nyengo yozizira ikatha, pamalopo paumbidwa njerwa.

Akazi ena anadandaula, ena anatukwana chamumtima. Anzake a Isabella anali ndi kwawo, ku Mhuju, ku Nchenachena, koti zikavuta n'kukakhala. Iye dimba likapita ndiye kuti mphika wapita, ndipo mphika ukapita, njinga ya a Overton ili pa msewu. Anapita yekha kunyumba kwa adada Luhanga, nakhala pansi pa khonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anamupatsa tiyi, koma yankho sanamupatse.

Thandizo linatulukira kumene palibe ankayang'anako. Msewu wopita ku Nyika ndi ku Vwaza umadutsa pakati pa boma, ndipo miyezi yozizira magalimoto a alendo okaona nyama amaima pa msika kugula zakudya asanalowe m'fumbi. Mmodzi wa madalaivala ake anali Brightson, bambo wamtali wa ku Chitimba, kasitomala wa Isabella. Tsiku lina repu atatha pa benchi, Brightson anamutsatira kudimba kuti akathyole watsopano, ndipo atafika pa nkhalango ija anaima n'kuyamba kujambula ndi foni.

Patapita milungu anabweranso ndi nkhani. Alendo ake, anati, anaona zithunzizo n'kuzikonda. Ambiri atopa ndi kungoonera mbidzi pa windo. Akufuna kuima m'tauni, kuona mmene anthu opanda minda amalimira pamalo amene panali dzala, kugwira khasu, kuthyola ndiwo ndi manja awo, kuphika n'kudya pomwepo. Mabwana ake akavomera, galimoto iliyonse iziima padimbapo, ndipo alendo azisiya kangachepe koti akaziwo azigawana ndi mwini malo.

Adada Luhanga atamva zoti malo angamabale chaka ndi chaka osakumbidwa maenje, anakanda chibwano. "Abwere kamodzi tione. Akakonda, njerwa zikaumbidwa kwina. Akapanda kukonda, wina asadzandikhalirenso pa khonde."

Brightson anatchula tsiku, ndipo pokwera galimoto anatembenuka. "Amama, chonde chomene, musavutike ndi chilichonse. Akupezeni mmene mumakhalira masiku onse."

Tsono inu, ndani m'dziko muno anamvapo mlendo akuti musavutike, iye n'kukhaladi osavutika? Apongozi akatumiza mawu kuti musavutike nane, ndi pamene umayamba kuthamangitsa nkhuku. Mawu amenewa ndi ulemu, ndipo amayankhidwa ndi ulemu woposa. Akazi a m'dimba anawamva choncho, ndipo aliyense woleredwa bwino akanawamva choncho.

Atakumana pansi pa mtengo wa mango, NyaKalua yekha ndiye anakayika. "Mwina tingosesa njira basi. Si paja Brightson wati zithunzi zija alendo anazikonda?"

Isabella, amene pa misonkhano sankatsegula pakamwa, anaimirira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"NyaKalua, inu azungu munakhalapo nawo? Ine ndakulira pa esiteti. Kukamabwera alendo, kapitawo ankatisesetsa mpaka kuseri kwa zigafa za fodya, miyala kuipaka laimu, ana amamina kuwabisa m'nyumba. Munthu akwere ndege kuchoka kwawo kudzaona chisoso? Chisoso chomata m'masokosi? Adzati tafika kwa anthu aulesi osadziwa kupalira. Mwayiwu ndi umodzi. Inu mukautaya mupita ku Mhuju. Ine ndipita kuti? Mwana wanga apita kuti?"

Misozi yake inali itayamba kale kutsika, ndipo zimene ananenazo aliyense anaziona kuti n'zanzeru.

Anayambira pa mabedi ake, kuti anzake asati akulamula za eni. Bonongwe anali atatulutsa ngala, njere zikuyamba kumene kukhwima, ndipo kamfundo ka pa chitenje kanali kopanda kanthu, kakudikira zomwezo. Anazula. Luni anazula, chisoso anazula, maungu anawakoka pa mpanda ngati akuchotsa nsanza pa chingwe. Twambilile pochokera kusukulu anapeza mulu wa masamba ukufota padzuwa.

"Amama, nanga ndiwo tizitenga kuti?"

"Tizidya nyama, iwe. Kokera uko ukaponyere mbuzi."

Mbuzi za pa Rumphi sizinadyepo bwino ngati sabata imeneyo. Dzenje la manyowa analikwirira kuti alendo asamve fungo. Anamanga chingwe n'kuwokera repu wamng'ono pa mizere yowongoka, anasesa pakati pa mabedi mpaka dothi kuwala ngati bwalo la sukulu, miyala anaipaka laimu. Makasu ndi makheni anakawabisa m'bango. Anabwereka mipando ya pulasitiki ku tchalitchi, nsalu ya pa tebulo, ndi maluwa a pulasitiki otsala pa ukwati wa mwana wa NyaKalua. Isabella anagulitsa macheka, chinthu chomaliza chimene Hezron anasiya, kuti agule mpunga wa ku Karonga ndi mafuta. M'mawa wa tsikulo anagwira thadzi lake limodzi lokhalo, limene linkaikira mazira a Twambilile, nalicheka khosi nkhope itayang'ana kumbali.

Galimoto inafika dzuwa litakwera. Akaziwo anali pa mzere, atavala zitenje zofanana zobwereka, akuimba nyimbo yolandirira alendo. Alendowo anatsika atavala zovala zakutha, zipewa ndi majombo, ngati anthu opita ku ganyu, ndipo Isabella anawamvera chisoni poganiza kuti zovala zabwino zawathera pa ulendo. Brightson anatsika pomaliza. Anayang'ana miyala yoyera, anayang'ana mipando, anayang'ana pamene panali nkhalango paja, n'kuvula chipewa.

"Amama, mwachita vichi?" ananong'ona, kufunsa chimene achita.

"Tayesetsa, adada," anayankha Isabella mtima utakhala pansi, poganiza kuti munthuyo wasowa mawu chifukwa cha kukongola.

Pakati pa alendowo panali gogo wina wachizungu wa imvi mutu wonse. Anatulutsa m'thumba magolovesi akuda ndi dothi la kwawo n'kuwavala, kenaka anaonetsa Isabella foni. Pa chithunzipo panali bonongwe wofika m'chiuno, maluwa a maungu, ndi Isabella mwini wake akuseka pakati pake, kheni ili m'manja. Gogoyo analankhula, Brightson n'kumasulira ndi mawu otsika.

"Akuti muwaperekeze ku dimba ili."

"Ndi pano pomwe," anatero Isabella, akuloza timizere ta repu. "Auzeni kuti takonza. Zauve zija tachotsa zonse."

Brightson anamasulira, kaya anamasulira zonse kaya. Gogoyo anayang'ana foni, n'kuyang'ananso dothi losesedwalo. Kenaka anaona khasu limodzi limene linaiwalidwa pa mtengo wa mango, nalitola nkhope itawala. Isabella anaulukira pomwepo n'kuligwira mpini. Anakokerana pang'ono, gogo akumwetulira, Isabella akumwetulira, koma wamphamvu anali Isabella.

"Pepani, agogo. Kuno mlendo sagwira khasu. Anthu akaona angatiseke kuti tikulimitsa nkhalamba."

Gogoyo anagwada kuti angokhudza dothi. Asanadzuke n'komwe, beseni la madzi ofunda, sopo ndi thaulo zinali zitafika. Alendo onse anawakhazika pa mipando, pa mthunzi, kuti asapse ndi dzuwa, ndipo akaziwo anaima chapatali n'kumawaonerera. Anthu amene anabwera kudzaona dimba anathera kuonedwa iwowo. Chakudya chitafika, zinadziwika kuti ena mwa iwo sadya nyama. Anafunsa ngati alipo masamba a pa chithunzi aja, amene Brightson anawauza m'njira kuti amakoma akatenderedwa ndi nsinjiro. Panalibe. Kuseri kwa mpanda mbuzi inali kutafuna tsinde lomaliza la maungu, ikuwayang'ana.

Alendowo anali anthu aulemu. Anadya mpunga, anaomba m'manja, anati yewo monga anawaphunzitsira, ndipo ananyamuka dzuwa lisanapendeke. Thadzi la Isabella linabwerera m'mbale pafupifupi lonse. Madzulo ake Twambilile anadyadi nyama monga mayi ake analonjezera, koma Isabella sanaikhudze. Ankangobwereza mumtima mmene gogo uja anavulira magolovesi ake, pang'onopang'ono, asanagwire nawo ntchito iliyonse.

Masiku otsatira anawathera pa benchi mumsika, khosi litatembenukira kumsewu. Galimoto iliyonse yaitali ikamveka, ankadzuka n'kusiya kasitomala ali chiimire. Brightson atadutsanso sanafune kutsika. Isabella anamuona n'kuthamangira pa windo.

"Akana, amama," anatero Brightson. "Alendo aja akana. Akuti dimba la mizere ndi mipando ali nalo kwawo. Ankafuna lija. Apeza kwina, njira ya ku Livingstonia."

"Limeranso!" anakuwa Isabella, anthu a mumsika n'kutembenuka. "Bonongwe sachedwa, adada. Ndipatseni mwezi umodzi wokha. Ndithirira mpaka msana uthyoke. Abwere adzalime, ndiwapatsa khasu, ndiwapatsa makasu onse, alime mpaka matuza!"

"Nyengo ya alendo ikutha, ndipo mabwana asankha kale njira ya chaka chamawa. Ine ndine dalaivala chabe. Ndinakuuzani, amama. Ndinati musavutike."

"Nanga munthu akati musavutike, ife tizikhala manja lende? Tiwapatse alendo chisoso?"

Anagwira chitseko cha galimoto ndi manja onse awiri, ndipo Brightson anachita kumumasula zala chimodzichimodzi, akupepesa, maso ali kumbali.

Adada Luhanga sanafune n'komwe kumva za mwezi wina. Anali atapereka mawu kwa ana awo. Repu wa pa mizere uja asanafike pothyola, zikombole zoumbira njerwa zinafika. Gulu la akazi lija linabalalika, ena kubwerera kumudzi, ena kukaoda ndiwo kwa alimi a kutali. NyaKalua sanamunene Isabella ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Isabella anapempha ganyu kwa oumba njerwa. Anamulemba wotunga madzi, ndipo ankatsika ndi kukwera njira yomwe ija, ndi kheni yomwe ija, kukathira m'dzenje limene linali mabedi ake. Malipiro ankati adzaoneka uvuni ukapsa. Anayesa kuchapa zovala m'nyumba za anthu a pa ntchito, anapeza anzake atafika kale. Anayesa kutola nkhuni m'phiri, alonda anamulanda nkhwangwa. Pakhomo anayamba kudya kamodzi, kenaka kamodziko kanasanduka phala. Twambilile ankapita kusukulu ndi mango osapsa ndi mchere pa kapepala.

"Wina akakufunsa, uziti tadya," ankamuuza mayi ake m'mawa uliwonse, ndipo mwanayo ankavomera. Koma masaya sanama, ndipo munthu amene anagwira choko moyo wake wonse ali ndi maso m'sukulu iliyonse ya m'boma lino.

Linali Loweruka pamene belu la njinga linalira pakhomo. A Overton anali atavala jekete, fumbi la ku Bolero lili mbuu m'nsapato. Isabella sanayang'ane nkhope yawo. Anayang'ana pa kaliyala wa njinga, ndipo anaona kuti amangirirapo kapilo.

"Monile, mulamu."

"Yewo, adada. Fikani."

Mlendo safunsidwa chimene wadzera asanadye. Isabella anaona kuti mwayi wake wotsala uli mumphika: akawadyetsa bwino, mwina akayika zimene anamva. Anawayalira mphasa, anasiya Twambilile akuwapatsa madzi akumwa, iye n'kutulukira kuseri akuthamanga. Kwa NyaKalua anapeza kaufa pa mbale. Ndiwo anapempha khomo ndi khomo, nkhuku, dzira, ngakhale usipa wa m'dzanja limodzi, koma unali mwezi umene aliyense amatseka chitseko akamadya.

Miyendo inamutengera yokha kumtsinje. M'mbali mwa njira imene ankadutsa ndi kheni, mmene madzi ankatayikira tsiku ndi tsiku, munali mutamera tinthu tobiriwira pakati pa zidutswa za njerwa. Anawerama. Anali bonongwe, ndi luni apa ndi apo, ana a zomwe zija anazikokera kwa mbuzi, njere zina zitayoyokera m'njira. Anathyola akulira, akutukwana, kaya ankatukwana ndani. Anaphika ndi madzi ndi mchere, popanda tomato, popanda dontho la mafuta, napereka atagwada, nkhope itayang'ana pansi ndi manyazi.

A Overton anasamba m'manja, anapemphera, anadya osafulumira mpaka mbale kuyera.

"Mphangwe iyi yikunowa," anatero, kuyamikira ndiwozo m'chinenero cha kwawo, ndipo sankanama. Anapukuta m'manja ndi kansalu ka m'thumba. "Koma mulamu, tiyeni tinene zoona pamaso pa Chiuta. Ine ndine mlendo, ndiponso ndine mwini mwana. Ndikudziwa kuti mwazungulira tauni yonse kuti mundipatse chabwino chimene mungathe. Ngati chabwinocho ndi masamba a m'njira opanda mafuta, nanga masiku amene kulibe mlendo, mwanayu amadya chiyani?"

"Adada," anatero Isabella, "masamba amenewa azungu anakwera ndege kudzawafuna. Anabwera ndi magolovesi. Akanawapeza m'mbale ngati mmene mwawapezera inumu, bwenzi dimba lilipo. Bwenzi mwanayu akudya katatu."

A Overton anamuyang'ana nthawi yaitali, ndi chisoni chenicheni, mmene timamuyang'anira munthu amene njala yayamba kumulankhulitsa zosamveka.

"Tinapangana kuti tisadzakangane," anatero mofatsa. "Twambilile, tenga zovala zako, mwana wane."

Katundu wa mwanayo anakwana m'kajumbo kamodzi. Anakwera pa kapilo kaja, kajumbo kali pa miyendo, osalira, pakuti mayi ake anali atamuphunzitsa bwino kubisa za m'mimba. Isabella anathamanga pambali pa njinga kudutsa msika, kudutsa pa siteji, dzanja lili pa bondo la mwanayo, mpaka pamene phula limathera. Pamenepo a Overton anatsitsa phazi, nanena kuti khomo la kwa Chavula n'lotsegula, pa Khirisimasi azibwera kudzamuona. Kenaka anapalasa, ndipo dzanja la Isabella linatsala m'malere.

Pamene panali dimba pano pali nyumba za lendi. Isabella akadali pa boma. Amatungira madzi omanga, amasenza mchenga, amasesa mumsika, ndipo anthu amamuitanabe anyina Twambilile, iye n'kuyankha. Kamfundo kanabwereranso pa ngodya ya chitenje, koma alibe poti amwaze, pakuti mwini nyumba anathira simenti bwalo lonse.

Pa Khirisimasi amapita ku Bolero. Twambilile anabwezeretsa masaya, ndipo watalika kumuposa. A kwa Chavula ndi anthu oleredwa bwino: amamuyalira mphasa pa mthunzi, amamuphera nkhuku, amamubweretsera madzi ofunda ndi thaulo. Kuseri kwa nyumba kuli kadimba, ndipo chaka chatha Isabella ataona khasu litatsamira pa khola, manja anamuyabwa, nalitola kuti akakande pang'ono n'kumasula kamfundo kaja. Asanafike n'komwe pa mpanda, Twambilile anathamanga n'kudzaligwira mpini. Anakokerana pang'ono, onse akumwetulira.

"Pepani amama, khalani pansi," anatero mwanayo. "Ndinu alendo."